Kalembera wa ogona panja: tiyenda bwanji usiku pa Chitakale?

CPW (wogwira ntchito yoteteza ana), Mulanje boma: Anzanga ndithandizeni msanga. Atiuza kuti pofika Lachisanu tipereke chiwerengero cha ana ndi akulu ogona m'makhonde a masitolo pa boma ndi pa Chitakale. Galimoto palibe, tilipo anayi, atatu ndi azimayi. Masana anawo sapezeka, amakhala ali pa ganyu yonyamula katundu. Ndiye tiyende usiku wapansi ndi ma fomu m'manja? Magetsi akathima nanga? Amene munachitapo ndiuzeni, nthawi yanji, tinyamule chani.

Mayi a Social Welfare, Thyolo: Achemwali, choyamba si tochi ayi, ndi kudziwika. Amene angakuvulazeni kwambiri si ogona pakhondewo, ndi anthu a m'deralo akaona alendo akusuzumira m'makona usiku. Kumbukirani 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka kuno ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu anaphedwa pongowaganizira, mpaka a UN anachotsa antchito awo. Maganizo amenewo sanafe. Masiku awiri musanayende kaonekereni kwa amfumu, kwa tcheyamani wa msika, kwa a community policing, kwa alonda a masitolo ndi pa siteji ya kabaza. Awuzeni tsiku, nthawi ndi chiwerengero chanu, akuoneni nkhope masana. Mmodzi wa komiti ya msika ayende nanu. Chikwama chachikulu, magolovesi, bokosi la mankhwala, chilichonse chooneka ngati zotengera magazi, siyani kunyumba.

Bambo a ku Luchenza: Tengani wapolisi wa yunifolomu. Basi.

Mayi a Social Welfare, Thyolo: Bambo, yunifolomu ikaoneka ana onse amamwazikira m'tiyi, mubwera ndi fomu yoyera. Kupolisi mudziwitse, inde, makamaka a Victim Support Unit (VSU), ndipo mutenge nambala ya foni ya amene ali pa dyute usiku umenewo. Koma asayende nanu kutsogolo.

Wa bungwe, Muloza: Za nthawi. 8 kapena 9 koloko usiku mungotaya mphamvu: mabala ali otsegula, oledzera ali mumsewu, ana akadali ku ma vidiyo sho. Yambani 4 koloko m'bandakucha, mumalize 5:30. Aliyense amakhala ali pamalo pake pogona, ndipo mukamamaliza kumakhala kukuyera. Malo onse awerengedwe usiku umodzi. Mukachita boma Lachiwiri, Chitakale Lachitatu, mwana yemweyo mumulemba kawiri chifukwa amatsata tsiku la msika. Komanso si aliyense wofunda chitenje pakhonde amene alibe kwawo. Azimayi a nanazi ndi nthochi amagona pafupi ndi katundu wawo kudikira galimoto ya ku Limbe. Funso ndi limodzi: dzulo ndi dzana munagona kuti? Ena ndi aja nyumba zawo zinapita ndi namondwe Freddy mu 2023, amenewo alembeni padera, thandizo lawo ndi lina.

CPW, Mulanje boma: Nanga kuwadzutsa? Wina sangatulutse mpeni?

Wa bungwe, Muloza: Angathe, ambiri amagona ndi kampeni kapena botolo chifukwa amaberedwa ali mtulo. Ndiye musamugwire munthu wogona, ngakhale phazi. Imani mamita awiri kapena atatu, odini ngati mukufika pakhomo, tochi iloze pansi osati kumaso. Musamuzungulire, musiyireni mpata wothawira. Mmodzi anjute n'kumalankhula, wachiwiri alembe, wachitatu asayang'ane fomu konse, maso ake akhale kumsewu. Mtsikana alankhulidwe ndi mayi, ndipo pasapezeke wamkulu ali yekha ndi mwana pamdima. Zithunzi ayi. Ndalama ayi. Chakudya musagawe pompo, wamkulu wa gulu amalanda mukangotembenuka ndipo wamng'onoyo amamenyedwa chifukwa cha inu. Auzeni malo ndi nthawi yokumana masana. Wodwala misala musamufunse mafunso, lembani malo, m'mawa mukauze anamwino oona za matenda a maganizo ku chipatala cha boma.

Bambo a ku Luchenza: Zonsezi n'zabwino pa pepala. Akatulukira anyamata a zikwanje tochi yoloza pansiyo ikuthandizani chani? Wapolisi.

Mlangizi wa zamalamulo, Bvumbwe: Bambo akunena zoona pa zikwanje, koma palinso china. Kalembera akayenda ndi apolisi amasanduka chipikisheni chogwira anthu, ndipo chaka chamawa simudzapeza mwana wokuyankhani. Kugona panja si mlandu. Ndime 184(1)(c) ya Penal Code, ija ya vakabu, Khoti Lalikulu linaithetsa mu Januwale 2017 pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa akupita ku Limbe m'bandakucha. Ndime zina zoyandikana nayo zikadalipo, choncho mayina ndi malo ogona musapereke kwa aliyense wongopempha. Mwana amene mwamupeza atavulala kapena atagwiriridwa simudikira Lachisanu: lamulo la 2010 la chisamaliro ndi chitetezo cha ana likukulolani kuchitapo kanthu, imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi VSU nthawi yomweyo.

Mayi a Social Welfare, Thyolo: Ndiwonjezere za njira. Yendani mumsewu waukulu moyang'anana ndi magalimoto, mutavala ma bibu owala. Njira zachidule za m'munda wa tiyi ayi, ngakhale mutazidziwa bwanji. Chiperoni chikagwa, chifunga chimabisa ngalande ndipo pepala limanyowa, ndiye fomu m'jumbo, lembani ndi pensulo. Tengani kafoni kamabatani, yaikulu siyani. Wina wotsala kunyumba muzimuimbira pa mphindi 30 zilizonse, mukaphonya kawiri aimbe kupolisi. Mukakumana ndi achifwamba perekani foniyo, musalimbane.

Bambo a ku Luchenza: Mwaona, pamapeto mukuimbira apolisi omwewo. Bwanji osangoyamba nawo?

Wa bungwe, Muloza: Akulu, tamva.

CPW wina, Nkando: Kodi ya usikuyi ili ndi alawansi? Ndipo ma bibu mukunenawa atenga kuti, a ku ofesi anatha kalekale.

Mlangizi wa zamalamulo, Bvumbwe: Bwerekani kwa a kabaza, koma muwabweze isanakwane 6, akuyamba ntchito.