Ogulitsa njinga zamoto akukana waranti: tiyang'ane chiyani tisanalipire?

Kabaza_Mchesi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Anyamata ambiri a kabaza akudandaula chimodzimodzi: njinga yatsopano, sabata ziwiri zokha batire lafa, tcheni chikumagwa, mabawuti akuthothoka. Ukabwerera kusitolo amangoti "waiononga wekha" kapena "waranti sikhudza kabaza". Mapepala nawo ndi "bwerani mawa" mpaka mwezi kutha. Kodi munthu ayang'ane chiyani asanapereke ndalama, nanga akakana kukonza akadandaule kuti?

Makaniko_Ndirande:
Achimwene, zambiri mwa izi si vuto la fakitale ayi. Njinga zimabwera m'makatoni zili zopasula, amazimangira kusitolo konko, ndipo nthawi zambiri ntchitoyo amapatsa mnyamata amene akulipidwa pa njinga iliyonse yomwe wamanga. Ndiye amathamanga.

Za batire: limabwera louma, asidi ali m'botolo lake. Ukathira asidi liyenera kukhala kaye mphindi 30, kenako kulitchaja musanaliike panjinga. Akathira n'kuliza injini pompo, batirelo silidzasunganso moto bwino. Pitani ndi mita yoyezera magetsi: injini itazima lionetse 12.6V kapena pafupi, ikulira mutakwezako mafuta lifike pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Likapanda kukwera, vuto lili ku rectifier (kachipangizo kokonza magetsi opita ku batire) kapena ku makoyilo opanga magetsiwo, ndiye ngakhale akusinthireni batire lifanso.

Tcheni chikankheni ndi chala pakati pa masiproketi awiriwo. Chisewere 20 mpaka 30mm basi. Chikamangika kwambiri chimadya mabering'i ndi siproketi, chikalendewera chimagwa. Onaninso timizere tapambali pa ekiselo yakumbuyo, tifanane mbali zonse, apo ayi tayala lakhala mopendekeka. Masipoko muwagogode ndi sipanala limodzi limodzi. Lomangika bwino limalira "ting", lomasuka limangoti "phu".

Oilo musakhulupirire pakamwa, tulutsani dipisitiki muone. Njinga za 125 ndi 150 zambiri zimalowa pafupifupi lita imodzi ya 20W-50, koma akhale wa njinga yamoto wolembedwa JASO MA pabotolo. Kilatchi ya njinga imasamba mu oilo yemweyo, ndiye oilo wina wa galimoto amaitereretsa, mafuta ukukoka koma liwiro osaoneka.

Nambewe_Limbe:
A Makaniko anena za zitsulo, ine ndinene za mapepala, chifukwa apa ndi pomwe anthu amalirira.

Nambala ya chasisi ili pakhosi pa felemu, kunsi kwa mahandulo, ndipo nthawi zambiri imakhala ndi zilembo ndi manambala 17. Ya injini ili pansi cha kumanzere kwa injiniyo. Muwerenge nokha, mufananize ndi zomwe zili pa lisiti komanso pa chikalata cha MRA chosonyeza kuti msonkho unalipidwa. Chilembo chimodzi chikasiyana, ku Road Traffic akubwezani, blue book (chikalata cha umwini wa njinga) simuiona. Njinga zina zimalowa kuchokera ku Mozambique osadzera pa kasitomu, n'chifukwa chake wogulitsa wina amangoti mapepala akubwera. Palibe chomwe chikubwera. Ngati chikalatacho palibe tsiku logula, ndalama ibwerere m'thumba.

Waranti ikhale yolembedwa, yodindidwa, yonena miyezi ingati kapena makilomita angati, ndi zitsulo ziti. Mufunse mosabisa kuti njingayi ikagwira kabaza waranti iliponso? Yankholo alilembe papepala pomwepo. Dziwaninso kuti matayala, mababu, pulagi, mabuleki ndi tcheni kawirikawiri sizilowa mu waranti chifukwa zimatha ndi ntchito.

Akakana kukonza, lembani kalata yofotokoza vuto, tsiku logula ndi makilomita, iwo asayine pakope lanu. Jambulani njinga ndi mita yake ya makilomita musanaisiye. Zikakanika pitani ku CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, mutanyamula lisiti, khadi la waranti ndi kalatayo. A CAMA, bungwe loimira ogula, nawonso amamva madandaulo a ogula. Popanda lisiti mlandu wanu ndi wofooka, choncho zoti "tikuchotsereniko mtengo koma opanda lisiti" muzikane.

Makaniko_Ndirande:
Ndiwonjezepo, poti nafenso okwera tili ndi mbali yathu. Sevisi yoyamba imakhala pakati pa 500 ndi 1000km malinga ndi buku la njingayo. Mukadumpha, kapena mukakachitira pansi pa mtengo osadinditsa khadi, mwawapatsa chifukwa choti akane waranti. Pa sevisi imeneyo imani pomwepo muone kuti akhetsadi oilo, atsuka kasefa kawaya kamene kamagwira tizitsulo ta injini yatsopano, ndiponso ayeza mavalavu injini ili yozizira. Ena amangopukuta thanki n'kudinda. Botolo la oilo alitsegule inu mukuona.

Makilomita oyambawo musapyole 50 kapena 60km pa ola, ndipo za anthu awiri ndi thumba la makala pamwamba zidikire kaye.

Kabaza_Mchesi:
Zikomo akulu. Nanga sipeya? Sitolo ikati chitsulo kulibe, tikagule pamsika tokha n'kuwapatsa amange, waranti sithera pomwepo?

Nambewe_Limbe:
Akhoza kuthawirapo, inde. Musanagule, alembe pa job card (pepala lolembapo ntchito yokonza) kuti chitsulocho alibe ndipo avomera kuti mubweretse chanu. Chakalecho musachisiye kusitolo, tengani musunge.