Majoini ongokankha opanda guluu aja ndi odalirika?

MayiWaPaChitakale:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndikumalizitsa kanyumba kanga kuno ku Chitakale ndiye pulambala wabwera ndi nkhani ya majoini a push-fit, akuti umangokankha paipi mkati basi yagwira, palibe guluu palibe moto. Ine mtima sukukhazikika chifukwa akufuna ena awakwirire mkhoma la kubafa tiike matailosi pamwamba, nanga akadzayamba kuchucha ndidzagumula zonsezo? Madzi akuno amabweranso ndi mphamvu makamaka usiku. Funso lina, paipi yokhalitsa ndi iti pakati pa zapulasitiki za PVC ndi PPR, ndi yachitsulo ija ya GI? Bambo anga akuti chitsulo basi, zinazi nzoseweretsa ana.

PulambalaLuchenza:
Mayi, joini imeneyo payokha siyoipa. Mkati mwake muli karaba kozungulira kamene kamatseka madzi, ndi timano tachitsulo chosachita dzimbiri timene timaluma paipi kuti isabwerere. Za makampani odziwika ngati John Guest zimagwira bwino ndithu. Koma imafuna ulemu. Paipi idulidwe mowongoka ndi chodulira chake, osati sowo yodulira zitsulo ija imasiya timinga, timinga timeneto ndi timene timang'amba karaba polowetsa ndiye lero sipadontha koma pakatha miyezi khoma layamba kunyowa. Paipi yapulasitiki imafunanso kachitsulo kapena kapulasitiki kolowetsa kukamwa kwake kuti isafinyike, ambiri amadumpha pamenepa. Chinanso masaizi, joini ya 15mm ndi ya paipi yakopa kapena yapulasitiki yopindika ya PEX ya 15mm, simungaikakamize pa PPR ya 20mm, anthu amapala paipi ndi mpeni kuti ilowe, zimenezo ndiye kupempha tsoka.

Ine mkhoma sindiika push-fit ngakhale mwini nyumba andikakamize. Pansi pa sinki, kuseri kwa toileti, pamene dzanja limafika, apo inde. Mkhoma ndimaika PPR chifukwa imawotchereredwa ndi makina otentha pafupifupi 260°C, paipi ndi elibo zimasungunuka nkukhala chinthu chimodzi, mulibe raba yoti idzakalambe. Ya madzi otentha gulani PPR yokhuthala yolembedwa PN20. PVC wamba musaiyandikize ku giza, ikapitirira 60°C imafewa, makamaka giza ya sola imene masana a mu October madzi amachita kuwira.

AgogoAKuLikhubula:
Nkhani ya mphamvu ya madzi musaitenge mopepuka mwanangu. Kuno ambiri timamwa madzi otsika okha kuchokera m'phiri, ndipo mamita 10 alionse amene madzi atsika amawonjezera pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu ya madzi), ndiye ngati thanki ili mamita 60 pamwamba pa nyumba yanu muli kale pa 6 bar, usiku anthu akatseka mipope yonse mphamvu imeneyo imatsamira pa majoini anu. Nchifukwa chake pogula PVC muziwerenga zolembedwa pathupi pake, Class 6 ndi Class 10 kapena 16 sizofanana ngakhale zikuoneka chimodzimodzi, nambala ikakula ndiye kuti paipiyo imapirira mphamvu yochuluka. Ndakhala mu komiti ya madzi kwathu kuno, PVC yokwiriridwa bwino pansi imakhala zaka zambirimbiri, mapaipi ena a masikimu akale a Mulanje akugwirabe. Chimene chimaipha ndi dzuwa, imauma nkumasweka ngati chigoba cha dzira, kenako khasu la olima ndi moto wa tchire. Namondwe Freddy atadutsa mu March 2023 tinaona kuti pokonza malo oti nthaka imasuntha, yakuda ija ya HDPE yobwera mu mpukutu ndiyo yabwinoko, imapindika osathyoka ndipo majoini amachepa. Kuchokera pa mita kukafika kunyumba ikani imeneyo.

Che_Bvumbwe:
Bambo anuwo sakunama kwenikweni, GI ili ndi malo ake, pa mpope wapanja pamene ana amakolekapo ndowa ndi mbuzi kumadzikandapo palibe pulasitiki ingapirire. Koma mkati mwa nyumba ayi. Imachita dzimbiri kuyambira mkati, njira ya madzi imanka icheperachepera, m'mawa mukatsegula madzi amayamba ofiira. Zamasiku ano zambiri nzopyapyala kusiyana ndi zimene bambowo ankazidziwa. Ine chondiopsa pa push-fit ndi zachinyengo, zopanda dzina zotsika mtengo zija timano take timapindika ndi chala. Ngati palibe dzina ndi saizi zodindidwa pathupi zisiyeni. Ndipo zodutsa m'siling'i samalani makoswe, amatafuna pulasitiki.

MayiWaPaChitakale:
Zikomo kwambiri nonse, agogo za mamita 10 zija sindimadziwa. Ndiye mkhoma tiika PPR. Koma ndidziwa bwanji kuti wawotcherera bwino tisanapake pulasitala?

PulambalaLuchenza:
Atseke mathero onse ndi mapulagi, adzaze madzi, atulutse mpweya, musiye usiku wonse madzi ali otsegula pa mita. Werengani mita madzulo ndi m'mawa, ikasuntha ndiye kuti penapake pakutuluka. Pitaninso joini iliyonse ndi tishu youma. Akakhala ndi pampu yoyesera presha ndiye bwino koposa. Jambulani khomalo pafoni musanatseke kuti mudzadziwe podutsa mapaipi pokhoma misomali, ndipo ngati mphamvu ikuchuluka muuzeni aike valavu yochepetsa presha pafupi ndi mita.