Kodi pakati pa kulemera kwa boti ndingapapeze bwanji kuti likhale bwino pa makina okwezera?

Namalinyero62 analemba:

Moni nonse. Ndili ndi boti lotalika mamita 6, la injini yomangirira kumbuyo, ndipo ndangoikitsa makina olikwezera pamwamba pa madzi, a nsanamira zinayi ndi mitanda iwiri yotalikirana mamita 2.4. Makinawo analembedwa kuti amanyamula makilogalamu 1,800, pomwe botilo pamodzi ndi injini limalemera pafupifupi makilogalamu 1,200, choncho ndinkaona kuti palibe chodetsa nkhawa. Ndinayeza kutalika kwa boti, ndinagawa pawiri, n'kuika pakati pake pakati pa mitanda. Koma ndikamalikweza, zingwe zachitsulo za kumbuyo zimakungika kwambiri n'kumalira, pomwe za kutsogolo ndikazigwira zimagwedera. Ndikupempha amene akudziwa andithandize njira yodalirika yopezera malo amene kulemera kwa botili kumakumana, chifukwa sindikufuna kungopenekera.

Wokonzamaboti anayankha:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanadule chingwe. Pakati pa kutalika si pakati pa kulemera. Kutsogolo kwa boti n'kosongoka ndiponso kopepuka, pomwe kumbuyo kuli injini, batire, ndipo nthawi zambiri thanki ya petulo, motero pa maboti a mtundu wanu pakati pa kulemera pamapezeka chapafupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kuchokera kumbuyo. Chimenechi ndi chongoyambira, osati yankho, chifukwa injini yaikulu kapena thanki yoikidwa kutsogolo imasuntha malowo.

Ngati muli ndi ngolo yokokera boti ya ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri), mungayeze bwinobwino ndi sikelo wamba ndi tepi. Imitsani ngolo pamalo osatsetsereka, ikani miyala kumatayala, ndipo chirikizani pokolekera pake pa sikelo ndi chipika, moti ngoloyo isapendekere kutsogolo kapena kumbuyo. Lembani kulemera kwa pokolekerapo ngolo ili yopanda kanthu, kenako boti lili pamwamba. Yezaninso mtunda wochokera pamene pagunda sikelo kukafika pakati pa matayala. Tiyerekeze kuti mtundawo ndi mamita 4.5, ngolo yokha yaonetsa makilogalamu 30, ndipo ili ndi boti yaonetsa 130. Boti lawonjezera makilogalamu 100. Chulukitsani 100 ndi 4.5, mupeza 450, ndipo mukagawa ndi kulemera kwa boti, 1,200, mupeza mamita 0.375. Ndiye kuti pakati pa kulemera pali masentimita 37 kapena 38 kutsogolo kwa ekiselo. Ngati ekiseloyo ili mamita 1.7 kuchokera ku khoma la kumbuyo kwa boti, malo amene mukufunawo ali pafupifupi mamita 2.08 kuchokera kumbuyo. Lembanipo chizindikiro mbali zonse ziwiri za boti.

Tsopano onani chimene chikuchitika pa makina anu ngati manambalawa ali pafupi ndi anu enieni. Mitanda yanu ili pa mamita 1.8 ndi 4.2 kuchokera kumbuyo, choncho mtanda wa kumbuyo ukusenza pafupifupi makilogalamu 1,060, pomwe wa kutsogolo ukusenza 140 okha. Makilogalamu 1,800 amene analembedwa aja amatanthauza katundu wogawanika mofanana, 900 pa mtanda uliwonse ndi 450 pa chingwe chilichonse. Zingwe za kumbuyo mwazipyoletsa kale malire ake, ngakhale boti lonse lili lopepuka kuposa mphamvu ya makina. Lisunthireni kutsogolo ndi masentimita pafupifupi 90, mpaka chizindikiro chija chifike pakatikati pa mitanda.

Namalinyero62 anayankha:

Zikomo kwambiri, bambo, tsopano ndamvetsa chifukwa chake zingwezo zikulira. Chovuta n'chakuti makilogalamu 1,200 aja ndinawatenga m'buku la botili, sindinawayeze pa sikelo.

Wokonzamaboti anayankha:

Nambala ya m'buku kawirikawiri imakhala ya boti lopanda mafuta ndi zida, ndipo nthawi zina siiphatikiza injini. Mungapeze kulemera kwenikweni pa ngolo yomweyo. Mutayeza koyamba, bwezani boti m'mbuyo masentimita 20 ndendende n'kuyezanso. Ngati sikelo yatsika ndi makilogalamu 53, chulukitsani 53 ndi 4.5 n'kugawa ndi 0.2, mupeza pafupifupi 1,190. Koma yezani katatu, chifukwa kilogalamu imodzi yolakwika pa sikelo imasanduka makilogalamu oposa 22 pa yankho.

MayiWapadoko anayankha:

Masamu amenewa ndi olondola ndipo sindikuwatsutsa, koma ndikufuna kutsindika kuti pakati pa kulemera sipakhazikika pamalo amodzi. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi makilogalamu 0.74, choncho thanki ya malita 150 ikadzaza imawonjezera makilogalamu oposa 110, ndipo madzi akumwa amalemera kilogalamu imodzi pa lita. Yezani boti lili mmene mudzalisiyire pa makina masiku onse, thanki ili yodzaza, nangula ndi mabatire zili m'malo mwake.

Chimene ine ndimachiopa kwambiri ndi mvula. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imasiya lita imodzi ya madzi. Boti losavundikira lokhala ndi malo otseguka okwana masikweyamita 10 likalandira mvula ya mamilimita 50 usiku umodzi limadzuka litasenza makilogalamu 500 owonjezera, ndipo madzi onsewo amathamangira kumene kwatsika. Boti langa linapindapo mtanda mwa njira imeneyi, pamene masamba anatseka kabowo kotulutsira madzi ine ndili kutali kwa milungu iwiri. N'chifukwa chake ndimakonza matabwa ogonera boti kuti kutsogolo kukhale kokwererapo pang'ono, madzi azitsikira ku kabowoko, ndipo ndimaonetsetsa kuti sikanatsekeke. Ngati mumazula chotsekera cha kabowoko pamene boti lili m'mwamba, chimangirireni pa chiwongolero kuti musalitsitsire m'madzi chili chozula.

Onetsetsaninso kuti matabwawo afika mpaka ku khoma la kumbuyo, chifukwa injini yolenjekeka pa mbali yopanda chochirikiza imapinda pansi pa boti pang'onopang'ono. Mukasuntha botilo, likwezeni lingotuluka m'madzi, muime, mugwedeze zingwe zonse zinayi ndi dzanja lovala gulovu. Zikakungika mofanana, jambulani mzere pa nsanamira kapena padoko wolunjikana ndi chizindikiro cha pa boti, kuti tsiku lililonse muziliimika pomwepo. Pochita zonsezi munthu asakhale m'boti kapena pansi pake, ndipo zingwe ziwiri za kumbuyo zija muziyang'ane bwino musanakwezenso, chifukwa ngati pali timawaya toduka kapena pamene papindika, ziyenera kusinthidwa.