Kodi paki yomasulira agalu ndi yothandizadi?

Mwinigalu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galu wanga ali ndi miyezi 7. Ngakhale ayende pa chingwe ola lathunthu, akafika kunyumba amayamba kutafuna nsapato ndi kukumba maenje. Ena akuti ndizimupititsa ku paki ya agalu, malo otchingidwa ndi mpanda kumene amawamasula chingwe. Phindu lake n'chiyani kwenikweni, nanga ndiyambire pati?

Kalondolondo:
Achimwene, vuto la chingwe n'lakuti galu amayenda pa liwiro la munthu. Iye amafuna kuthamanga mothithimuka, kukhota mwadzidzidzi, kugubuduzana ndi mnzake, kenako kuima n'kununkhiza chitsa mpaka atakhutira. Mphindi 20 kapena 30 zotere zimamutopetsa kuposa ola la pa chingwe.

Phindu lina ndi ulemu wa pakati pa agalu. Akakhala omasuka sakumana maso ndi maso. Amazungulirana, n'kununkhizana kumbuyo. Chingwe chikakungika chimawaumiriza kuyang'anizana, ndipo amene akuopa sangathawe, ndiye amaluma. N'chifukwa chake galu womangidwa pakati pa omasuka ndi amene amayambitsa ndewu kawirikawiri. Mapaki a agalu si atsopano: paki ya Ohlone ku Berkeley, California, ku America, inayamba mu 1979.

Pitani kaye nokha mukaone malowo. Mpanda ukhale wa mamita osachepera 1.5, wopanda mipata pansi. Pakhale mageti awiri otsatizana: mumalowa loyamba, n'kutseka, n'kumasula chingwe, kenako n'kutsegula lachiwiri. Agalu ang'onoang'ono akhale ndi mbali yawoyawo, chifukwa kagalu kothamanga kakulira kamadzutsa mtima wa usaki mwa wamkulu.

Mayi Katemera:
Ndiwonjezere za matenda. Kamwana kosakwana masabata 16, kamene sikanamalize katemera, kasaponde kumeneko. Kachilombo ka parvo kamatuluka m'chimbudzi cha galu wodwala ndipo kamakhala m'dothi miyezi yambirimbiri. Wanuyo akhale atabayidwa katemera wa chiwewe, parvo ndi distemper (matenda ena opatsirana a agalu). Funsaninso dokotala wa ziweto za katemera wa chifuwa chopatsirana, komanso mankhwala a nkhupakupa, utitiri ndi njoka zam'mimba.

Tengani madzi anu ndi mbale yanu. Mbale ya aliyense ndi zithaphwi zimafalitsa giardia, yotsegulitsa m'mimba. Chimbudzi cha galu wanu wolani pomwepo. Wamkazi amene ali pa nyengo yofuna amuna musiyeni kunyumba kwa masabata ngati atatu.

Dzuwa likaswa mtengo musapite. Galu amaziziritsa thupi popuma wefuwefu, ndipo thupi likapitirira madigiri 41 Celsius moyo uli pachiswe. Agalu a mphuno zophwatalala, monga pug ndi bulldog, ndi amene amagwa msanga.

Wakumpanda:
Zonsezi n'zoona, koma paki si sukulu ya galu wamantha kapena wolusa. Mukamuponya m'gulu mantha amangowonjezeka. Wotere amuyambe ndi mnzake mmodzi wofatsa. Ndipo a Mwinigalu, ngati wanuyo sabwera mukamuitana, phunzitsani zimenezo kaye ndi chingwe chachitali cha mamita 10. Miyezi 7 ndi msinkhu wa makani.

Ulendo woyamba pitani nthawi imene kuli agalu ochepa, mukhale mphindi 10 kapena 15 basi. Musaime pa geti, ndi pamene gulu limaunjikira wobwera kumene. Foni ikhale m'thumba.

Masewera abwino amaoneka: galu amagwetsa chifuwa pansi matako ali m'mwamba, thupi lili lofewa, wothamangitsa amasanduka wothamangitsidwa, ndipo amapumira pakanthawi. Mukaona thupi lauma gwa, mchira uli njo, maso ali tong'o, kapena atatu akuthamangitsa mmodzi amene wapanira mchira m'miyendo, muitaneni nthawi yomweyo. Ngati simukudziwa kuti ndi masewera kapena nkhanza, gwirani wamphamvuyo kwa masekondi angapo. Winayo akabwerera yekha, ndiye kuti akusangalala; akathawira kutali, zatha.

Chakudya ndi mpira umene amaukonda kwambiri zisiyeni, zimayambitsa kulimbirana. Muvuleni lamba wa tcheni wa m'khosi, mano a mnzake amakodwamo. Ikabuka ndewu musalowetse dzanja pakhosi, akulumani ngakhale ali wanu. Athireni madzi, menyani chinthu chaphokoso, kapena aliyense agwire miyendo yakumbuyo ya galu wake n'kukokera chafutambuyo nthawi imodzi.

Mwinigalu:
Zikomo nonse. Ndiyamba ndi chingwe chachitalicho, chifukwa pakali pano ndikamuitana amangondiyang'ana n'kupitiriza zake.