Filimu ya banja lomwe likutha: ndiijambule yakuda ndi yoyera?

Wamakamera_Kapata:
Moni nonse. Ine ndimajambula maukwati ndi ma kitchen party kuno ku Chipata, koma chaka chino ndafuna kupanga filimu yangayanga, ndi ndalama za m'thumba mwanga. Nkhani yake ndi ya mwamuna wachingoni wa ku Mtenguleni amene anakwatira mkazi wachichewa wa ku Katete. Ana awiri, nyumba ya lendi ku Mchini. Mulibe chibwenzi chamseri, mulibe sing'anga, palibe womenya mnzake. Angosiya kulankhulana basi. Mkazi amaika nsima patebulo n'kukadyera yake kukhitchini. Mtima wanga ukuti ikhale yakuda ndi yoyera, chifukwa mitundu ya zitenje imakoka maso, pomwe ine ndikufuna anthu aziyang'ana nkhope. Mkazi wanga akuti ndapenga. Inu mukuti bwanji?

Mnyamata_wa_Navutika:
Achimwene, mlamu akunena zoona. Anthu adzayamba kumenya TV poganiza kuti yafa. Ndiye banja lithe popanda kutaya mapoto panja? Kuno timakonda phokoso.

Editor_Petauke:
Musamumvere uyo, pangani. Koma jambulani ndi mitundu yonse, mudzaichotse pa kompyuta polumikiza. Pulogalamu yolumikizira mafilimu ya DaVinci Resolve ilipo yaulere ndipo imakwanira. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mukachotsa mitundu, chofiira ndi chobiriwira zimatha kufanana, zonse kungokhala zotuwa. Chitenje chokongola pamsika chimasanduka chiguduli. Choncho musanagule zovala, ikani foni pa black and white muziunike kaye. Nkhope zathu zakuda zimafuna kuwala kochokera m'mbali: mukhazikeni mayiyo pafupi ndi zenera, mbali inayo wina agwire katoni yomata pepala loyera. Dzuwa la masana mu Okutobala lipeweni, limasiya maenje akuda m'maso. Komanso filimu ya anthu osalankhula imadalira mawu ang'onoang'ono, supuni kugunda mbale, chitseko kulira, ndiye bwerekani maikolofoni yabwino. Mvula ikayamba pa malata simudzamva kanthu.

Nkhoswe_wa_ku_Katete:
Mwana wanga, za makamera sindilowererapo. Ine ndakhala nkhoswe m'mabanja a ana a mlongo wanga, ndipo ndikuona kuti mu nkhani yanu anthu akuchepa. Banja kwathu silitha ndi anthu awiri m'chipinda. Mkazi akatopa amapita kwa ankhoswe ake, iwo n'kuitana a kuchimuna, tonse n'kukhala pamphasa. Pamenepo ndi pomwe pali filimu yanu. Ndakhalapo pa bwalo lotere kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa. Tinafunsa mtsikana kuti walakwiridwa chiyani, iye n'kumangopota nsonga ya chitenje, maso pansi. Mwamuna naye akuti palibe mlandu, uku akutembenuza chipewa pabondo. Ife akuluakulu tinasowa pogwira, chifukwa mlandu wa chigololo kapena kumenya timaudziwa poyambira, koma uwu wa kuzizira mtima ulibe mutu.

Ndiye poti mwasankha Mngoni ndi Mchewa, musathawe funso la ana. Kwa Angoni, malowolo akaperekedwa ana ndi a kuchimuna. Kwa ife Achewa ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume awo. Mbali iliyonse idzabwera ikudziwa kuti ili pa chilungamo. Ankhoswe akalephera, ukwati wa mwambo umakathera ku Local Court, kumene maloya saimira munthu, aliyense amadzilankhulira yekha. Wa ku boma ndi umene umapita ku High Court. Musawaveke oweruza anu mawigi a pa TV ayi.

Wamakamera_Kapata:
Zikomo kwambiri bambo, bwalo la ankhoswelo likhala pakati penipeni pa filimuyo. Kodi mwamuna ndi mkazi amakhala moyang'anizana, kapena aliyense kumbali ya abale ake? Ndifunse izi chifukwa kamera ndili nayo imodzi. A Editor, katoni ndapeza kale kwa amalonda a pa Kapata, maikolofoni ndiye vuto. Ndani angandibwereke Loweruka likudzali?

Mnyamata_wa_Navutika:
Maikolofoni ilipo kwa msuweni wanga woimba kwaya, koma mundipatse malo. Ndikhoza kukhala malume wovuta uja.