Kodi wouma mtima mathero ake ndi kundende?

Mlimi wa ku Chamama:
Akuluakulu, mphwanga anagulitsa mwakabisira mabelo awiri a fodya wa amayi athu. Titamufunsa pakhonde, anatiyang'ana m'maso akumwetulira, n'kumanama mosadodoma amayi akulira pambali pake. Kodi kuuma mtima kotereku ndi kumene akatswiri amakutcha psychopathy, ndipo kodi munthu wotere amathera kundende basi?

Mphunzitsi wa ku Mtunthama:
Pepani kwambiri, bambo. Katswiri wa ku Canada, Robert Hare, anakonza muyeso wa psychopathy wotchedwa PCL-R wokhala ndi mfundo 20, monga kunama kosalekeza, kukopa anthu ndi pakamwa pozuna, kusamvera ena chisoni ndi kuchita zinthu mopupuluma. Mfundo iliyonse imapatsidwa 0, 1 kapena 2, ndipo ku America amati munthu ali ndi vutoli akapeza malikisi 30 kapena kuposerapo mwa malikisi onse 40. Kafukufuku wasonyeza kuti akaidi opeza malikisi okwera, akatuluka, amapalamulanso milandu, makamaka yachiwawa, kawirikawiri kuposa anzawo, mwina chifukwa chilango sichiwaopsa monga chimaopsera ife. Komabe akaidi ambiri alibe vutoli, ndipo alipo ena ouma mtima chomwechi amene sanamangidwepo.

Mayi wa ku Santhe:
Ine chondidetsa nkhawa n'chakuti tingamupatse mwanayu dzina lolemera chifukwa cha mlandu umodzi. Muyesowo amaugwiritsa ntchito ndi akatswiri okha, atacheza ndi munthuyo nthawi yaitali ndi kufufuza mbiri yake kuyambira ali mwana. Fufuzaninso za ngongole, kachasu ndi chamba, kenako mupite naye kwa achipatala oona za matenda a maganizo ku Kasungu boma. Pakadali pano, makiyi a nyumba yosungiramo fodya asunge ndi amalume.