Kodi thukuta lathuli Mulungu amaliona?

Wamageti wa ku Kalingalinga:
Abale mwa Ambuye muli bwanji, ndili ndi funso landisowetsa tulo koma kufunsa ku tchalitchi ndachita manyazi. Ine ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, ntchito yomwe anandiphunzitsa amalume anga ndili kamnyamata. Mu 2024 madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba malaiti ankabwera maola atatu chabe, nthawi zina pakati pa usiku, ine kudzuka 01 hours kukayatsa makina kuti geti ya munthu ithe, maso kuwawa ngati mwalowa mchenga, kukacha mwini geti akuti ndizakuonani kumapeto kwa mwezi. Ngongole ya lenti ya nthawi imeneyo mpaka lero ndikubwezabe. Manje mnzanga yemwe tinakulira limodzi alibe ntchito yooneka, ndi wa madili chabe, koma wagula motoka ndipo Sande yapitayi anamuitanira kutsogolo akapereke umboni kuti Mulungu wamukweza. Ine ndinali pa benchi yakumbuyo ndi manja anga a zipsera, mtima unandiwawa kwambiri. Kodi ntchito ya manja ndi tembelero lija la Adamu loti uzadya thukuta lako? Ngati ndi choncho nanga ine ndikulimbikiranji?

Amake Tiza:
Mwana wanga pepani, ndawerenga misozi ili m'maso. Ine ndimafika ku msika wa Soweto 04 hours kudikira ma tiraki a tomato ndi repu, kenako kukagulitsa pa kantemba ku Chawama, zaka zambiri ndithu chimwalirireni atate a ana. Sindinalemere ayi, nyumba ndi ya lenti mpaka pano. Koma ana anayi onse anadya, anavala, mmodzi ndi nesi lero, ndipo palibe tsiku apolisi anagogoda pakhomo panga kufunsa komwe ndinatenga ndalama. Motoka ya mnzanuyo musaiyang'ane kwambiri, simudziwa ngati usiku amagona. Ine ndikagona ndimagona zenizeni. Ndipo lowani chilimba, chija chosonkherana ndalama nkumalandira mosinthana, ndi anzanu a pamsewupo, chinandithandiza kwambiri pa za sukulu.

Mkulu wa mpingo, Matero:
Mbale wanga, tsegulani Genesis mutu 2 vesi 15 musanafike mutu 3. Mulungu anaika munthu m'munda wa Edene kuti aulime ndi kuusamala, apo nkuti njoka isanalankhule, tchimo kulibe. Ndiye ntchito inabwera kale tembelero lisanabwere. Pa mutu 3 chomwe chinatembereredwa ndi nthaka, kuti izibala minga, ndiye kuti ntchito ija inangolowa zowawa koma yokha sinasanduke chilango. Minga yanu inu ndi malaiti osabwera ndi kasitomala wozemba, geti lomwe mwapanga si munga ayi.

Ndipo poti ndinu wa zitsulo ndikupatseni wanuwanu. Pa Eksodo 31 pali Bezaleli, Mulungu akuti ndamudzaza ndi mzimu wanga, osati kuti akalalikire koma kuti adziwe kusula golide, siliva ndi mkuwa, kusema miyala ndi matabwa. Taganizani, Mzimu wa Mulungu pa mmisiri! Ife alaliki tinalakwa penapake, timakamba ngati kudzozedwa kuli pa guwa pokha. Ambuye Yesu mwini anthu a ku Nazarete ankamudziwa ngati mmisiri wa matabwa, Marko 6 vesi 3, ndipo Paulo ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila kuti asalemetse munthu. Pamene mukuwotcherera geti bwinobwino ngakhale pansi pomwe mwini sazayang'anapo, osanyenga pa chitsulo chopyapyala nkupakapo penti, mukutumikira banja lomwe lizagona mopanda mantha kuseri kwa getilo. Za kuitanira munthu kutsogolo chifukwa cha motoka osafunsa komwe yachokera, zimenezo zimandimvetsa chisoni, ndipo ndazionapo m'mipingo yambiri muno mu Lusaka.

Mwana wa ku Petauke:
Atate a ku Matero zomwe mwakamba ndi zoona koma ndiloleni ndionjezere chifukwa mau awa oti limbikirani ngati mukugwirira Ambuye ine anandipweteka nawo. Ndinagwira ntchito ya m'nyumba ku mayadi zaka ziwiri, kuchapa kuphika kulera ana kuyambira mdima mpaka mdima, Sande yomwe osapuma, amadamu anali opemphera kwambiri ndipo ndikakumbutsa za malipiro ankandiwerengera Akolose 3 vesi 23 kuti chilichonse uchita chita ndi mtima wonse, ndinachoka ali ndi miyezi itatu yanga. Kenako ndinazawerenga ndekha nkupeza kuti mavesi ochepa chabe kutsogolo, mutu 4 vesi 1, akuuza mabwana kuti azichitira antchito chilungamo pakuti nawonso ali ndi Mbuye kumwamba. Yakobo 5 vesi 4 ndiye sabisa, akuti malipiro omwe munamana antchito anu akufuula ndipo kulira kwao kwafika m'makutu a Ambuye. Deuteronomo 24 akuti wosauka umulipire tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Dziko lino la Zambia a Chiluba ali pulezidenti analilengeza kuti ndi lachikhristu mu 1991, nanga bwanji mavesi amenewa sitiwamva pa guwa? Ndiye akulu a mageti, kasitomala uja wachimwa, musaope kumutsatira. Kukumbutsa ndalama yanu si kusowa chikhulupiriro.

Mkulu wa mpingo, Matero:
Mwana wanga wanena zoona ndipo ndavomera, pepa pa zomwe unakumana nazo. Ngakhale kupuma ndi lamulo, ndipo lamulo la Sabata limatchula wantchito wamwamuna ndi wamkazi yemwe. Amene sanakupatse tsiku lopuma anaphwanya lamulo lomwelo.

Wamageti wa ku Kalingalinga:
Zikomo nonse, za Bezaleli sindinazimvepo chibadwire, ndawerenga kawiri usiku uno ndi amake mwana. Sindinama kuti mtima wapoleratu, mnzanga uja akadutsa ndi motoka pamsewu paja chinachake chimandigwirabe pakhosi. Koma mawa ndili ndi mafelemu anayi a munthu wa ku Mtendere, ndizayamba ndi pemphero ndisanayatse makina, zomwe ndinasiya kalekale. Alongo a ku Petauke, mwini geti uja ndimuimbira mawa lomwelo. Amama a ku Soweto, chilimba chanucho mumaponya pa sabata kapena pa mwezi?